Musazimitse Rauta

Kalata yachitatu ya chenjezo inali kale m'chikwama changa, ndipo bwana sanabise mawu: intaneti ikadzathawanso makasitomala ali pamzere, ndidzanyamule kapu yanga ya tiyi ndizipita. Pakampani yotumiza katundu ija oyang'anira makompyuta tinalipo awiri, ine ndi amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali atagwirapo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ine miyezi isanu ndi inayi. Ndiwo anandipezera malowo. Koma rauta yatsopano, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba monse, ndinaiika ndine, ndiye ikangotsokomola maso onse amakhala pa ine.

Matenda ake sankasintha. Kawiri pasabata makompyuta a pakauntala amangoti zii, malisiti osatuluka, anthu n'kuyamba kutukwana. Amalume amadzuka mosapupuluma, kulowa m'kachipinda ka mawaya, kuzula pulagi, kuwerenga mpaka khumi, kubwezera. Basi zonse zayenda. Bwana amagwedeza mutu n'kuti, "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto." Ine ndi satifiketi yanga ndimangoima pambali ngati mlendo, mtima ukuwawa.

Nditatopa ndinaimbira foni kukampani imene inatigulitsa rautayo. Anandiyankha mayi wina wa mawu odekha.

"Ikavuta mumatani?"

"Timazimitsa n'kuyatsanso."

"Ndiye mukumwa mankhwala musanapimidwe," anatero. "Rauta imalemba chilichonse chochitika m'kati mwake, koma mukazula pulagi zonse zimafufutika. Ikadzavutanso musaizimitse. Lumikizani laputopu, mukopere zolembazo mufayilo, mutitumizire."

Nditamufotokozera bwana, anati fayiloyo ipitenso kwa iye, aone yekha kupusa kwanga. Amalume sindinawauze, ndinkafuna kuwadzidzimutsa ndi nzeru zanga.

Lachinayi cha m'ma teni koloko m'mawa, kukauntala kunamveka phokoso lija. Ndinathamanga ndi laputopu, n'kuima chogunda khoma pamene pali pulagi. Kachipindako n'kopanikiza, kotentha, kafani kakungolira. Ndinali nditangolumikiza waya pamene amalume anatsegula chitseko.

"Tapatuka mwanawe, anthu akudikira."

"Pepani amalume, akuti tisazimitse. Ndikukopera kaye zimene yalemba."

"Akuti ndani?"

"A kukampani ya rauta."

Nkhope yawo inasintha mmene sindinaionerepo. Munthu amene sanandikalipirepo ndi kamodzi komwe anandigwira phewa n'kundikankha. Ndinalimbikira, phazi kutsogolo kwa pulagi, ndikuganiza kuti ndi nsanje chabe ya munthu wamkulu. Patadutsa mphindi zinayi fayilo inatha, ndipo maso anga anagwera pa mizere yomalizira.

Rauta sinkadwala. Nthawi ya 10:07 munthu analowamo ndi pasiwedi yake, kuchokera pakompyuta yake, n'kutseka njira ya intaneti yopita kukauntala. Dzina la wolowayo linali pomwepo, ndipo linali la amalume. Anatseka osasunga kusinthako mu rauta, kuti pulagi ikazulidwa njirayo itseguke yokha, umboni n'kufufutika.

Ndinawerenga kachiwiri. Ndinawerenga kachitatu, ndikusaka pamene ndalakwitsa. Ndinatsamira kabati.

"Amalume, ndinu?"

Anatseka chitseko pang'onopang'ono. "Uzimve bwino," anatero chapansipansi. "Chiikireni chinthu chakochi, bwana wakhala akunena kuti anthu awiri achuluka, makina akudziyendetsa okha. Ukuganiza angachotse ndani? Ine zaka zanga izi ndikagogode pakhomo la yani? Ndimangofuna aone kuti ndikufunikabe."

"Nanga makalata anga aja?"

"Sindinadziwe kuti zifika pamenepo."

"Atatu, amalume. Yachiwiri ija munandithandiza kuyankha ndinu. Munakhala pampando wanga, mukundiuza mawu opepesera."

Anayang'ana laputopu, kenako ine. "Ndi mizere iwiri yokha. Ifufute, utumize zinazo. Sindidzachitanso, ndalumbira. Iwe ndiwe mwana, ngakhale zitavuta ntchito udzapeza ina."

Mawu omalizawo ndiwo anandipweteka kuposa zonse. Ndiye kuti anali ataziganizira kale, n'kuona kuti ine ndikhoza kugwa. Ndikanafufuta mizereyo, a kukampani akanati rauta ilibe vuto, vuto ndi woiika, ndipo lomwelo likanakhala tsiku langa lomaliza. Ndinakwiya, ndinachita manyazi, ndinawamveranso chisoni, zonse nthawi imodzi.

Ndinalemba palaputopu mzere umodzi wotsegula njira ija. Kukauntala makina a malisiti anayamba kulira. Chitseko chinatseguka, bwana analowetsa mimba yake, thukuta lili kamukamu.

"Yatheka fayilo ija?"

Amalume anandiyang'ana.

"Yatheka, bwana," ndinatero, n'kutumiza.

Foni inalira m'thumba la malaya a bwana. Anaitulutsa, anatsegula fayilo, anakwinya nkhope pa manambala ndi zilembo zimene sankazimva. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anatambasula dzanja n'kupereka foniyo kwa munthu amene ankamukhulupirira.

"Akulu, tandiwerengerani. Akuti walakwitsa pati mwanayu?"

Amalume anafunafuna magalasi m'matumba onse, chonsecho anali pamphuno pawo.