Zimene Agaga Anaona M'matumbo a Nkhumba

Bambo ena ake anaweta nkhumba zaka makumi atatu, ndipo anthu ankangowatcha Agaga, poti chakudya chimene ankachikhulupirira chinali gaga basi. Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito yoyeza zakudya za ziweto, atawabweretsera kathumba ka ufa wa michere, anakanunkhiza n'kukabweza.

"Nkhumba zanga sizili m'chipatala," anatero.

Koma tiana ta nkhumba zawo tinkayenda ngati taledzera, miyendo ili gwedegwede. Tsiku lina mwana uja anangowatenga kupita nawo kuntchito kwake.

Chipindacho chinali chozizira, mabotolo ali ndandanda. Anawaveka jasi loyera lomwe manja ake anathera m'zigongono, n'kuwakhazika pa makina okuzira tinthu tosaoneka ndi maso.

"Suzumirani apo, bambo. Ndi kachidutswa ka thumbo la nkhumba."

Agaga anatsinzina diso limodzi. Anayembekeza kuona nyama wamba, yomwe akhala akutsuka m'beseni moyo wawo wonse. Koma anaona timphukira tambirimbiri, tothithikana ngati udzu womera mvula yoyamba. Anadzutsa mutu, kuyang'ana kagalasi kaja, n'kusuzumiranso.

"Iwe, zonsezi zili m'nkhumba imodzi?"

"Kachidutswako sikakwana ndi chikhadabo chanu chomwe. Timphukira mukutionato ndi timene timayamwa chakudya. Ufa uja umasungunuka msanga, timphukirato timangouyamwa. Koma mchere wolimbitsa mafupa wa m'gaga ndi womangika, wambiri umangodutsa."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikudyetsa ndowe?"

Mwanayo anaseka. "Ayi, bambo. Kumunsi kwa matumbo kuli tizilombo tosawerengeka. Timaphwanya makoko a gaga wanuyo, nkhumba n'kupezamo mphamvu. Ufa wanga sungatidyetse timeneto."

Agaga ankaganiza kuti amaweta nkhumba khumi ndi ziwiri, kani m'kati mwa iliyonse muli khamu lina lomwe amalidyetsa m'mawa uliwonse osalidziwa. Anapempha kuti aonenso, ndipo anakhala pamenepo mpaka khosi linawawa.

Kunyumba anayamba kusakaniza ufawo ndi gaga, akuyeza ndi supuni monga anawauzira mwana. Patatha milungu ingapo, tiana tija tinayamba kuthamangitsana m'khola monse. Mkazi wawo ankadabwa kuti bambo akathira chakudya sachoka msanga, amangoima atagwira ndowa, kuyang'ana mimba za nkhumba zikufufuma.