Kwacha ya ku Kitwe

Swaleh anafika ku Benga mawa lake kuli sadaka ya amayi ake. Maliro sanawaone. Ku Kitwe, m'dziko la Zambia, anapita alibe ndevu, ndipo tsopano ndevuzo zinali mbuu. Mtengo wa mango wa pakhomo sanaupeze, ndipo sanafunse.

Mlongo wake Saida anali pakhonde akupeta mpunga. Anamuyalira mkeka, namupatsa madzi, kenaka nkumukankhira kansalu komanga mfundo.

"Ya basi yobwerera, achimwene. Tasonkha pachibale. Musachite manyazi."

Apa mpamene Swaleh anazindikira. Tsiku la maliro, Saida atamuimbira foni, iye analonjeza kwacha zikwi zitatu za sanda. Saida anangoti asavutike, nadula. Masiku onsewa iye ankayesa kuti mlongo wakeyo anakwiya, chonsecho anamumvera chisoni. Kuno zikwi zitatu zimathera pa paketi ya shuga.

Akanangolandira nkukhala chete. Koma munthu wokalambira pa ntchito ya nyuzipepala satseka pakamwa.

"Achemwali, ndinkanena kwacha ya uko."

"Kwacha ziliko zingati?"

Anafotokoza ndi mawu ozizira, ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Ndalama ziwirizi nzapachibale, zonse zinalowa m'malo mwa paundi. Ya Zambia ndi yaikulu, ya kuno inabadwa patapita zaka zitatu, ndipo dzina anatola limodzi, mfuu ya pamisonkhano ya ufulu. Kuno mwana wake ndi tambala, uko ndi ngwee. Ya uko nayo inadwalapo mpaka anaidula maziro atatu, koma lero imodzi imagula za kuno zoposa makumi asanu ndi limodzi.

"Kunacha konsekonse," anatero Swaleh, "koma dzuwa linatsalira kwa anzathu."

Saida sanaseke. Lichero linali litaima.

"Ndiye zikwi zitatu zanuzo, kuno nzingati?"

"Pafupifupi zikwi mazana awiri."

"Nanga basi yochoka ku Kitweko?"

"Siifika ndi theka lomwe."

Saida anatola kamwala mumpunga nkukaponya pabwalo. Nkhuku inakathamangira, nkukasiya.

"Amayi tinkawauza kuti mulibe ya basi. Ramadhani iliyonse ankafunsa, ife nkumati mwana wanu akuvutika. Iwo nkumati musamunene, kwa eni nkovuta. Apita akukupemphererani kuti mupeze."

Swaleh anayembekeza kuti china chake chimupweteka m'chifuwa. Sichinabwere. Ankangomva mpunga utayambanso kugwa m'lichero.

"Ndiwafotokozere anthu mawa?" anafunsa.

"Muwafotokozere chiyani? Shehe anakupemphererani, azimayi a pamudzi anasonkha nawo." Saida anakankhanso kansalu kaja mpaka kanamukhudza bondo. "Tengani, akuoneni mwalandira. Mukhale wosauka mpaka mubwerere."

Swaleh anakatola. Kanali kopepuka. Anakaika m'thumba la jekete, momwe munali kale envelopu yonenepa ya ndalama zomwe anasintha pa Mchinji.