Dongo la ku Uraha

"Nanga madziwo ali kuti?" anafunsa Lettie.

A Yotamu, mmisiri wokumba mijigo wochokera ku Thyolo, anayang'ana nsapato zawo. A Mwafongo, wapampando wa chipani m'deralo, anakonza baji pajekete. Dzenje linali litakumbidwa pafupi ndi khonde la a Mwafongo, kuya kwake mamita makumi anayi, koma mpope unkangopuma mpweya.

Makina oyezera nthaka anali atasonyeza madzi pansipo, ndipo sananame. Lettie, amene anaphunzira za miyala ku Zomba, anatola chibuma cha dongo lotuluka m'dzenjemo. Linali lozizira, lolemera, lonyowa ndithu.

"Waona, mwana wanga? Madzi amenewo," anatero a Mwafongo. "Sayina kalata kuti mjigo watheka. Loweruka alendo adzatsegulira."

Mapaipi otsala anali a dzenje limodzi lokha. Kusayina kunali kuwatumiza ku Chitipa, anthu a ku Uraha n'kupitiriza kumwa m'dambo pamodzi ndi ng'ombe.

Lettie anakulunga dongo lija m'kansalu. "Adada, tafinyani."

A Mwafongo anafinya mpaka mitsempha kuonekera m'khosi. Ngakhale kadontho.

Pakati pa amayi oonerera panali a Febby, amene ankachokera kumunda kwawo kumtsinje wouma atasenza mchenga wonyowa wotsukira mapoto. Lettie anatapako dzanja limodzi, nakulunga m'kansalu komweko. Asanafinye n'komwe, madzi anayamba kudontha pafumbi.

"Dongo limamwa, koma silibweza," anatero. "Madzi amakakamira m'kati mwake. Makina amawamva, mpope sungawakoke."

"Ngati mlamu wanga pa chipanda cha mowa," anatero a Yotamu chapansipansi.

Amayi anaseka atatseka pakamwa ndi zitenje. A Mwafongo sanaseke.

"Khadi lachipani uli nalo, mtsikana iwe?"

Lettie analitulutsa m'buku lake lolembamo za miyala. A Mwafongo analiyang'ana mbali zonse ziwiri, ngati nsomba ya pamsika.

"Ukudziwa zimene zimawachitikira ochedwetsa chitukuko?"

"Ndikudziwa, adada."

Anamupatsa cholembera. Lettie anachilandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse, nachiika m'thumba pamodzi ndi kalata ija, yosasayina.

"A Yotamu," anatero, "pasulani makina. Mawa tikukumba m'munda mwa a Febby."