Msilikali Amene Anadikira Kuitanidwa

Chaka chilichonse Novembala akafika, a Isake Kachingwe ankatulutsa jekete lawo lakuda m'sutikesi, kulisita ndi nsimbi ya makala, n'kulipachika pamsomali. Sankapita nalo kulikonse. Lamulungu lokumbukira asilikali ankakhala okha pakhonde, wailesi ili pamiyendo, kumvetsera malipenga akulira mumzinda. Mwambo ukatha, jekete linkabwerera m'sutikesi.

Vuto linali pachifuwa pa jeketelo. Panalibe mendulo.

Ali mnyamata, a Kachingwe anali m'gulu la asilikali amene anapita ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo. Kumeneko galimoto yawo inaponda bomba lokwiriridwa mumsewu, ndipo chitsulo chinawang'amba mwendo wakumanzere. Anabwera nawo kuchipatala kuno kwathu, ndipo atachira anawasamutsira ku gulu lina kukasunga katundu. Tsiku limene anzawo amene anali nawo ku Mozambique ankavekedwa mendulo, iwo anaima nawo pamzere, nsapato zili waliwali, koma dzina lawo silinatchulidwe. Atafunsa, sajeni anangoti, "Kopolo, dikira. Udzaitanidwa."

Ndiye anadikira. Ife anthu wamba tikanabwererako mawa lake kukasokosa, koma msilikali akauzidwa kuti ima apa, amaima mpaka wina adzamuuze kuti choka. Anadikira ali pantchito, anadikira atapuma, anadikira mpaka imvi zinachita mbuu.

Ankakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu, kwawo kwa akazi awo, mayi Edith, amene anatisiya zaka zingapo zapitazo. Mkamwini akaferedwa, anthu amamuona ngati mlendo amene akuchedwa kutsanzika. Palibe anawathamangitsa, komanso palibe ankawafunafuna. Ana awo anali kutali, wina ku Mzuzu, wina ku Joni, ndipo foni inkalira mwa apo ndi apo. Munthu yekhayo amene ankakhulupirira nkhani ya bomba lija anali mayi Edith, chifukwa ndiwo ankatsuka balalo.

Kale ankakonda kupita kubawo pa Mitundu, koma kumeneko kunali anthu a pakamwa.

"A Kopolo, tatiuzeninso za nkhondo yanu ija yomenyana ndi mabulangete m'sitolo!" wina ankatero, anthu n'kufa nalo phwete. "Asilikali enieni timawaona pakanema, chifuwa chili ngwengwengwe. Zanu zili kuti?"

Anthuwo ankangocheza, koma mawuwo ankawawa. A Kachingwe analeka kufotokoza, kenako analeka kupita kubawo. Chimene chinkawadya mumtima chinali chakuti adzamwalira monga munthu wabodza, ndipo adzukulu awo adzamva zomwezo.

Lolemba lina, mwambo wa Novembala utangodutsa, panafika Patricia, mlangizi wa zaumoyo amene ankayendera okalamba kudzawayeza kuthamanga kwa magazi. Jekete linali likadali pamsomali chifukwa dzulo lake a Kachingwe analibe mphamvu zolipinda.

"Bambo, magazi akwera lero. Mukuganiza chiyani?" anafunsa Patricia uku akumasula lamba pamkono pawo. Kenako maso ake anagwera pa jekete. "Kasitidwe aka n'ka msilikali. Ine ndinakulira kubaraki, bambo anga ankasita chonchi. Mwambo wadzulo munapita?"

"Ndikapite ndi chiyani, mwanawe? Anzanga onse pachifuwa pali podzaza."

Patricia sanathamangire kuchoka. Anakhala pampando, ndipo a Kachingwe, amene anali atatha miyezi osacheza ndi munthu, anafotokoza zonse mpaka anakwinya buluku kumuonetsa chipsera.

"Ndiye munakadandaula kuti?" anafunsa Patricia.

"Anati ndidikire."

"Anatero liti?"

"Iwe usanabadwe."

Patricia anagwira pakamwa. "Bambo, amene anakuuzani zimenezo mwina anapuma kalekale. Fayilo siidzikonza yokha. Mwina polemba mbiri yanu anangolemba za kusitolo, za ku Mozambique n'kutsalira pamene munali m'chipatala. Zimachitika. Bambo anga atamwalira tinapeza kuti zaka zina za ntchito yawo sizinalembedwe. Ine ndi amayi tinayendera mpaka anakonza."

"Pali mkulu wina pamsika," anatero a Kachingwe motsitsa mawu, "akuti ndikamuonera kangachepe akhoza kundibweretsera mendulo kuchokera m'tauni."

"Ayi, bambo, amenewo ndi madobadoba. Akudyerani, ndipo akabweretsa n'komwe, ikhala ya munthu wina. Mukaivala mudziputira mlandu, fayilo yanu n'kukhala momwemo. Kodi inu mukufuna chitsulo, kapena mukufuna kuti zilembedwe kuti munaliko?"

"Ndikufuna zilembedwe."

"Basi, njira ilipo. Mupite ku bungwe la asilikali opuma, akakuthandizeni kulemba pempho lopita ku ofesi yosunga mbiri za asilikali. Mutenge chitupa chanu cha unzika ndi buku limene anakupatsani popuma. Nambala yanu ya usilikali mukuikumbukira?"

A Kachingwe anaitchula osaphethira, msana utawongoka wokha.

"Chatsala ndi mboni," anatero Patricia. "Munthu amene munali naye kumeneko."

Apa mpamene panali vuto kwa a Kachingwe. Mboni inalipo, komanso pafupi. Efulemu Nkhwangwa, amene anawabereka kumsana kuwachotsa pagalimoto yoyaka ija, ankakhala pa Nathenje. Koma Efulemu anavekedwa mendulo tsiku lija, ndipo kuyambira pamenepo a Kachingwe ankachita naye manyazi. Akamadutsa pa Nathenje paminibasi ankayang'ana kumbali kuopa kuti Efulemu angawaone.

Sabata yomweyo anakwera minibasi kupita m'tauni. Mlembi wa bungwe la asilikali opuma anali mkulu wodekha, nayenso wopuma usilikali. Anamvetsera nkhani yonse, anaona buku lija, n'kugwedeza mutu.

"Bukuli likungonena za kusitolo. Nanga bwanji simunabwere kale, a Kopolo?"

"Ndinauzidwa kudikira, bwana."

Mlembiyo sanaseke, chifukwa ankawadziwa mawu amenewo. "Si inu nokha. Koma mvetsani, kupempha kuti akonze mbiri yanu si mwano. Mbiriyo ndi yanu. Pempho tilemba limodzi lero, ndipo musapatse munthu aliyense chiphuphu. Ife tipempha kuti afufuzenso zolemba za kuchipatala. Inu kapezeni mboni ikalumbire pamaso pa majisitireti. Fulumirani, a m'gulu lanu lija ambiri anagona."

Mawa lake a Kachingwe anakwera kabaza wa njinga yamoto kudzera msewu wafumbi mpaka pa Nathenje. Atafunsira anthu, anafika panyumba ya malata akale kuseri kwa msika. Anawalandira ndi mayi Rozina, akazi a Efulemu.

"Bambo alipo, koma musadabwe," anatero mayiwo. "Sitiroko inawagwira chaka chatha. Mbali yakumanja siigwira ntchito, ndipo mawu amatuluka movutika."

Efulemu anali gone pamphasa pakhonde la kuseri. Chimunthu chimene chinkanyamula matayala a lole chokha chinali chitatha, kutsala mafupa. Anamuyang'ana mlendoyo nthawi yaitali.

"Isake?" anatero pang'onopang'ono. "Ndimayesa unafa."

"Ndili moyo, mbale wanga. Ndili pa Mitundu pompa."

"Pa Mitundu?" Efulemu anayesa kudzuka koma analephera. "Zaka zonsezi?"

"Ndinkachita manyazi. Iwe anakuveka, ine ayi."

Efulemu anamenya mphasa ndi dzanja lamanzere. "Chitsiru iwe! Magazi ako anandinyowetsa malaya, ndiye uzindichitira manyazi? Ine ndakhala pano ndekha. Ndikati ndinene za kuja, ana amati agogo ayamba kubwebweta. Ndinalibe wocheza naye, iwe uli pa Mitundu!"

Amuna awiriwo analira osabisa, ndipo mayi Rozina analowa m'nyumba kuti awapatse mpata. Mtima utakhala pansi, a Kachingwe anafotokoza chimene anadzera.

"Mundinyamule mawa lomwe," anatero Efulemu. "Mawuwa akunka nathawa. Ndikanene akadalipo."

Anapeza galimoto ya mnansi, n'kumutengera kukhoti. Efulemu anafotokoza malo, bomba ndi mwendo wa mnzake. Liwu lililonse linkamutengera thukuta, koma sanalole kuti wina amumalizire. Pomaliza anadinda chala cha dzanja lamanzere.

Kenako panabwera kudikira kwina, koma ulendo uno a Kachingwe sanapinde manja. Monga anawalangizira Patricia, anasunga makope a mapepala onse, analemba dzina la amene anawalandira, ndipo mwezi ukatha ankaimba foni kwa mlembi uja kufunsa kuti nkhani ili pati. Nthawi ina anawauza kuti pepala la kuchipatala silikupezeka. Mtima unagwa, koma anapitanso n'kutchula wodi imene anagona ndi mwezi wake, mpaka linapezeka.

Loweruka lililonse ankapita ku Nathenje, nthochi kapena chinangwa zili m'jumbo. Ankakhala pamphasa paja kukumbutsana za nyemba zosapsa za kunkhondo ndi za anzawo amene sanabwerere. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola. Nyengo yozizira italowa, Efulemu analekeratu kuyankhula, ankangofinya dzanja la mnzake. Mu Julaye anamwalira.

A Kachingwe anabwerera ku khonde lawo lija, ndipo linali zii kuposa kale. Anali atapeza mnzawo mochedwa, n'kumutayanso msanga. Patricia atabwera kudzawayeza anawapeza atazyolika.

"Kodi mboni ikamwalira, umboni umafanso?" anafunsa a Kachingwe.

"Ayi, bambo. Analumbira ndipo anadinda. Mawu awo akugwirabe ntchito."

Zinalidi choncho. Mu Okutobala foni inalira, ndipo anali mlembi wa bungwe. Mbiri ya a Kachingwe inali itakonzedwa. Zinalembedwa kuti anatumikira ku Mozambique ndipo anavulala ali pantchito. Anawaitana ku mwambo wa Novembala.

Chaka chimenecho jekete linachoka pamsomali n'kukwera minibasi. Patricia anapempha tchuthi kuti awaperekeze. Malipenga atalira, msilikali wachinyamata anawerenga mayina.

"Kopolo Isake Kachingwe!"

Anayankha ndi mawu amene iwo eni sankadziwa kuti akadali nawo. Anayenda motsimphina, mutu uli m'mwamba, ndipo mkulu wa asilikali anawaveka mendulo yawo.

Pobwerera Patricia anati, "Tiyeni tikadutse pabawo, akaone okha anthu aja."

"Aona mawa," anatero a Kachingwe. "Lero ndili ndi kofika."

Anakwera ya ku Nathenje. Mayi Rozina atawaona pakhomo anaomba m'manja, misozi ikutsika. Analowa m'chipinda, anatulutsa jekete la malemu amuna awo lokhala ndi mendulo yofanana, n'kulikoleka pampando pakhonde la kuseri, pamene pankakhala mphasa. A Kachingwe anaima njo patsogolo pa mpandowo, anagunditsa zidendene, n'kuchita sawatcha.

"Efulemu, andiitana," anatero.

Masiku ano a Kachingwe anayambiranso kupita kubawo, ndipo za mabulangete sizimvekanso. Akamva kuti kwinakwake kuli msilikali wopuma amene zake sizinalembedwe bwino, amavala jekete n'kupita okha kukamuona. Uthenga wawo sasintha.

Ngati mbiri ya ntchito yanu ili ndi cholakwika, kapena ulemu umene munayenera kulandira unakudumphani, musakhale pakhonde kudikira kuitanidwa. Pitani ku bungwe la asilikali opuma ndi chitupa chanu, nambala yanu ndi buku lanu lopumira. Musapatse dobadoba kanthu, ndipo musavale mendulo ya munthu wina. Sungani makope, muzifunsa kuti nkhani ili pati. Koposa zonse, funani anzanu amene munali nawo akadali ndi moyo. A Kachingwe akanazengereza chaka chimodzi chokha, akanapeza mphasa ya pa Nathenje itapindidwa kale.