Makalata Awiri a Horace

Komanso sikuti Millicent adachita kusuzumira, ayi, kuyang'anako ndiyo inali ntchito yake yolandira maimelo a anthu onse pakoleji. A Sylvester, mphunzitsi wa masamu pakolejipo, adalemba kapulogalamu kodikirira kumapeto kwa fayilo, ngati mayi wotchera thumba kukamwa kwa chigayo: foni ikalumikiza kompyuta ku intaneti masana, imelo iliyonse yofika inkagwetsa mzere umodzi pakompyuta — wotumiza, wolandira, kuchuluka kwa zilembo — basi, mawu akewo osaoneka. Millicent ankasindikiza imeloyo, kupinda pepala nkhope itayang'ana kumbali, n'kukaponya m'kabokosi ka mwini wake. Zaka ziwiri osawerengako ya munthu, ndipo ankanyadira zimenezo.

Tsikulo mizere ya Horace, mwamuna wake amene anali kusukulu ku Canada, idagwa iwiri. Kwa Millicent, zilembo 312. Kwa Joanna wa kulaibulale, 5,840.

Chidayamba kumugwira si nsanje, koma chidwi chenicheni — kodi munthu amene kunyumba ankayankha ndi mutu, amene pa chinkhoswe chawo kwa Malemia adasowa ndi zikomo yemwe, mawu onsewa ankawasunga pati? Mwina ndi mndandanda wa mabuku, poti Joanna ngwa mabuku, mwina akufuna amufunire zina za maphunziro ake, mwinanso — apa mtima udamupweteka — iye mwini ndiye adamuumitsa pakamwa ndi makalata ake a denga lodontha, a chifuwa cha mwana, a mbalame zomwe zatha mpunga kudimba, nanga munthu angayankhe chiyani pa mbalame, koma kungoti pepani?

"Zafika, achemwali?" adafunsa Joanna, atayima pakhomo.

"Zikutuluka. Khalani."

Joanna sadakhale. Yake ya Millicent idatuluka kaye, makina osindikizira adangolira pang'ono n'kukhala chete. Kenaka ya Joanna. Millicent adatembenukira kuzenera monga mwa masiku onse, maso kuphiri, akudziuza kuti pepala lili apo, kungotsitsa maso kamodzi basi, ndipo palibe angadziwe — koma iye mwini adzadziwa, ndiye akazikhala bwanji m'nyumba ndi zimene wawerengazo?

Maso adawaletsa, makutu adakanika. Makinawo, amene amalira mzere ndi mzere mpaka kumphepete kwa pepala, lero ankalira mwachidule, kanayi, n'kupuma. Kanayi, n'kupuma, ngati ndime za m'buku la nyimbo — ndakatulo. Ndipo kumbuyo kwake adamva kuti Joanna wagwira mpweya m'chifuwa.