Dzina la pa Mpunga

Foni italira, a Vasudha anali akusankha mpunga pathireyi. Anamvetsera, anati "eya" kangapo, kenako anakhala pansi. Nkhani imene analemba inali itasankhidwa. Magazini ya amayi ya mumzinda wawo wa Pune, ku India, inati iitulutsa m'kope la chikondwerero cha Diwali, ndipo mkonzi aimbanso posachedwa kuti amve dzina loti alembe pamwamba pa nkhaniyo.

Nyumba inatekeseka. Mlamu wawo Shalini anathamanga kukauza aneba, nsapato n'kuiwala. Amuna awo, a Prabhakar Karandikar, anavala jekete ngakhale kunkatentha ndipo sankapita kulikonse. Iwowa anali mphunzitsi wopuma pantchito komanso wapampando wa kalabu yowerenga mabuku, kumene ankakonda kulankhula za ufulu wa amayi. Tiyi wa pamisonkhanoyo ankaphika a Vasudha.

"Ndinkadziwa ine," anatero a Karandikar akuyendayenda pabalaza. "M'nyumba muno mkazi sitimupondereza. Muwauze alembe Vasudha Prabhakar Karandikar, maina onse atatu, anzanga a kukalabu asasokere."

"Achimwene, nkhaniyo munaiwerenga koma?" anafunsa Shalini atabwerera, akupumira m'mwamba.

A Karandikar anati anaiona pamwambapamwamba, ndi yabwino ndithu. Shalini anawauza kuti ikunena za mtsikana amene anamusintha dzina pa tsiku la ukwati wake.

"Mwambo woipa kwabasi. Ndinaudzudzula ine chaka chatha."

Shalini anaseka mpaka kugwira khoma. Iye analipo tsiku la ukwati wa a Vasudha. Anaona achimwene akewo akuvula mphete n'kulemba "Vasudha" pa mpunga wa m'mbale yamkuwa, monga mwa mwambo, azakhali akuomba m'manja. Mtsikanayo anafika m'mawa ali Kalindi Sathe, pogona anali Vasudha. Palibe anamufunsa. Chimwalirireni mayi ake, panalibenso womuitana dzina lakalelo.

A Karandikar anafotokoza kuti zawozo zinali zosiyana. Dzinalo analisankha mwachikondi, ndipo ndi lokoma kulitchula.

"Ndiponso Kalindi ameneyo akumudziwa ndani?"

Foni inaliranso. A Vasudha anapukuta manja pa nsalu ya sari imene anavala. Foniyo anaigwira ndi manja awiri.

"Lembani Kalindi Sathe," anatero. Analibwereza pang'onopang'ono, chifukwa pakamwa panali pataiwala kayendedwe kake.

Shalini anawakumbatira, mpunga n'kumwazikira pansi. Anatulukanso kukakonza zimene anauza aneba zija.

"Nanga anthu adziwa bwanji kuti ndi mkazi wanga?" anafunsa a Karandikar.

"Mudzawauza, bambo. Kulankhula mumatha," anatero a Vasudha.

A Karandikar anavula jekete lija n'kulipachika mosamala. Anakhala pampando wawo, anatsegula nyuzipepala, ndipo itakwana nthawi ya tiyi anaitana monga mwa masiku onse.

"Vasudha."

Kukhitchini kunkangomveka mpunga ukutoledwa. Anaitananso. Zii. Anatsokomola, anasuzumira pazenera kuona ngati aneba akumva, kenako anayesa motsitsa mawu, ngati munthu woponda madzi ozizira.

"Kalindi?"

"Madzi ali pamoto, bambo. Makapu ali pomwe amakhala."

A Karandikar anaimirira kukawafuna. Sankadziwa pomwe amakhala, koma anawapeza. Pofika Loweruka anali atauza kalabu yonse kuti maganizo a dzinalo anali awo.