Fodya wa pa 3 Malichi

Pa 3 Malichi a Yobu sankakhudza khasu ngakhale chikwakwa. Ndi tsiku lokumbukira ofera dziko, ndipo bambo awo anali m'gulu la anthu amene atsamunda anawakweza mulole mu 1959, osabweranso. Koma tinene zoona, sichinali chisoni chokha ayi. Nthawi ya chipani chimodzi kugwira ntchito tsikuli unali mlandu. A Yobu, ali tenanti pa esiteti ina ku Chamama, anatumidwa ndi kapitawo kukapachika fodya m'chigafa. Anyamata achipani atatulukira, kapitawo anazemba, mano amene anagululidwa n'kukhala a a Yobu.

Matipate itabwera, anthu anayamba kulima, kumwa ndi kuvina tsikuli. Iwo ayi.

Tsono chaka chimenecho fodya anali wawowawo, woyamba chibadwire, pakamunda kawo ku Lisasadzi, wothira feteleza wa kuponi. Masamba anali atapsa, chikasu mbuu. Ndiye taonani, pa 3 Malichi pomwepo, dzuwa lili paliwombo, mitambo inada bii, kamphepo kozizira n'kuyamba kuwomba. Mlimi aliyense wa ku Kasungu amakadziwa kamphepo kameneko: ndi ka matalala.

A Yobu anakhala pakhonde, n'kunyamuka. Anafika m'mphepete mwa munda, n'kubwerera. Anazungulira chigafa chopanda kanthu, lilime likungopita pamene panali mano paja.

"Bambo a Rute," anatero akazi awo, a Fainala, akumanga chitenje m'chiuno, "fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiyeni tikathyole."

"Lero n'tsiku lanji, mayi?"

"Matalala sawerenga kalendala. Apongozi anga anafera chiyani? Kuti inu muziopa munda wanu womwe?"

Mawuwo anawalasa mtima. Anafuna kukalipa, koma a Fainala anali atalowa kale m'mizere, masamba akulira thyo, thyo. Bingu linagunda. A Yobu anadzipeza ali mumzere woyandikana nawo. Ankathyola fodyayo khosi lili kumsewu. Njinga ikadutsa, ankagwada n'kubisala m'masamba, munthu wa imvi, m'munda mwake.

Matalala anawapeza akuthamanga ndi mtolo womaliza. Fodya amene anatsala kumunda anang'ambika ngati sanza, koma chigafa chinali chitadzaza bwino ndithu.

Mvula itakata, a Yobu anakaima pamsewu, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Ankadikira kuti wina abwere, awaloze chala, awafunse ngati sakudziwa kuti lero n'tsiku lanji. Anadutsa a Lemani, mnansi wawo, akukankha njinga, kawayilesi kakuimba nyimbo zovina.

"Mwachenjera, a Yobu! Mwaupulumutsa!" anakuwa mokondwa, n'kupitirira.

A Yobu anayang'ana msewu mbali zonse ziwiri. Panalibenso wowamenya, ndipo panalibenso wokumbukira bambo awo. Anakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira.